Anti a Mapoti

Ana anga, m'bale wanu Grace wandiumiriza kwa nthawi yaitali kuti ndilembe za ntchito yanga, akuti zidzukulu zidzadziwe kuti agogo awo ankachita chiyani asanayambe kudandaula za mawondo. Ndavomera. Koma ndineneretu kuti m'gawo lino muli mkodzo wambiri ndi nsanje yambiri, ndiye amene akudya ayambe wamaliza. Za ubwana wanga ku Thyolo ndazidumpha dala, munazimva mpaka kutopa nazo.

Ndirande, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali pa sukulu ya mkombaphala ya mpingo wina ku Ndirande, nditangokwatiwa kumene ndi bambo anu. Sanandilembe uphunzitsi ayi. Anandilemba kuti ndiziphika phala, kukolopa ndi kuchapa matewera a ana aang'ono amene makolo awo ankawasiya m'mawa popita ku mafakitale ndi kumsika. Matewera a nthawi imeneyo sanali otaya ngati a lerowa. Anali ansalu, omangira pini, ndipo kholo lililonse linkabwera nawo m'jumbo, madzulo n'kufuna kuwapeza ochapa ndi ouma. Madzi tinkatunga kumunsi pa mpopi wa anthu onse, ndipo mpopiwo ukauma ndinkatsetsereka mpaka kumtsinje ndi beseni pamutu. Sopo ankasungidwa mu ofesi ngati mankhwala, ukapempha wina kachidutswa kakale kasanatheretu unkayamba wafotokoza.

Bwana wanga anali Mayi Sambani, mayi wamfupi, wachangu, wosapsatira mawu. Lamulo lawo linali limodzi: mwana akangoyamba kuyenda, thewera lichoke. "Esinati, sopo sitichita kukumba pansi," ankatero. "Mwana woyenda yekha angalephere bwanji kuyenda kupita pa poti?" Ndiye tinkawavula onse, okonzeka ndi osakonzeka omwe, n'kuwakhazika pamzere. Mapoti enieni analipo ochepa, enawo zinali zigubu za mafuta zimene bambo wina wa mumpingo anatidulira n'kuzipala m'mphepete kuti zisacheke ana. Ana ena ankakhala pamenepo n'kumalira mpaka kuwodzera, osachita kanthu, ndipo ukangowadzutsa n'kuwaveka kabudula, pomwepo mkodzo chuu pansi. Sopo amene tinkapulumutsa pa matewera ankathera pokolopa.

Ine sindinapite ku kosi ina iliyonse. Zimene ndikudziwa ndinaziphunzira pa beseni. Ndinayamba kuona kuti ana ena akadzuka ku tulo ta masana thewera lawo linkakhala louma, ndipo ana amenewo ndi amene sankavuta pa poti. Ndinaonanso kuti mwana akayamba kukabisala kuseri kwa chitseko pofuna kubiba, ndiye kuti wayamba kumva thupi lake zinthu zisanachitike. Wina amakoka thewera likanyowa, nkhope itakwinyika, wina amalondola anzake aakulu kuchimbudzi kukasuzumira. Koma mwana amene amakodza uku akusewera, osaima ngakhale pang'ono, osayang'ana pansi, ameneyo ngakhale umukalipire bwanji sadziwa chimene ukumukalipirira. Mayi Sambani sindinawauzepo zimenezi. Ndinkawaopa, komanso ntchito ndinkaifuna.

Zingwangwa, pakati pa zaka za m'ma 1990

Sukulu za mkombaphala za anthu wamba zitayamba kuchuluka m'tauni, Mayi Likongwe, amene tinkapemphera nawo limodzi, anasandutsa nyumba yawo ya ku Zingwangwa kukhala sukulu n'kunditenga. Makalasi analipo awiri, oyang'anana, pakati pali kakhonde kakafupi. Kumanzere kunali kwa ine: makanda okwawa ndi onse amene anali akadali m'matewera. Kumanja kunali kwa ana ouma, kumene ankaphunzira zilembo, nyimbo zachingelezi ndi kugwira pensulo. Mayi Likongwe anaika lamulo loti mwana sangapite kumanja asanasiye thewera, ndipo woweruza kuti mwana wakonzeka ndinali ine ndekha. Ndikukumbukira bambo wina wa galimoto amene anabwera atakwiya kuti mwana wake akuchedwa, mwana wa neba wake anapita kale kumanja. Ndinamuuza kuti ngati akufuna mpikisano akaonere mpira, mwana wake sanakonzeke, ndipo Mayi Likongwe anaima mbali yanga. M'moyo wanga wonse wa ntchito, mphamvu imene ndinakhalapo nayo ndi imeneyo basi.

Tinalinso ndi mwambo wathu umene tinkautcha kuwoloka. Mwana akatha masabata angapo osadzinyowetsa, Lachisanu m'mawa ankabwera atavala panti watsopano. Ine ndinkamugwira dzanja pakhomo langa, ana a mbali zonse ziwiri akuwomba m'manja, iye n'kudutsa kakhonde kaja kupita kwa mphunzitsi wa kumanja, amene ankamulandira ndi switi ndi kumuveka yunifolomu. Makolo ankaukonda mwambowu, ena mpaka kupempha tchuthi kuntchito kuti adzaonerere. Amene anauyambitsa sanaganizeko za munthu wotsala pakhomo la kumanzere.

Mphunzitsi wa kumanja anali Mercy. Ndimulembe bwino, chifukwa ndikudziwa kuti enanu mumamukonda. Anali wamng'ono kwa ine, wa Fomu 4, wamtali, wa mawu okoma, Chingelezi chake chotulukira m'mphuno. Ankabwera kuntchito ndi nsapato zazitali n'kuweruka zovala zikadali zoyera, akununkhira perefyumu, pamene ine ndinkabwerera kunyumba ndikununkha mankhwala okolopera. Madzi akavuta m'mipopi, zimene zinkachitika pafupipafupi, Mercy ankangouza ana ake kuti asambe m'manja mosamala, ine ndi amene ndinkazungulira m'makomo mwa anthu ndi ndowa, poti matewera sadikira. Makolo ankamuitana kuti Ticha Mercy. Ine, Anti a Mapoti. Dzinali analiyambitsa mwana wina, makolo n'kulitola, ndipo linandimatirira mpaka kupuma ntchito.

Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti Mercy analibe choipa choti ndimunenere. Akanakhala wamwano bwenzi ndikumudya miseche mtima uli m'malo. Koma ankandipatsa moni mwaulemu, kundigawira mandasi ake, mpaka kudzandizonda kunyumba ndikadwala. Nsanje yanga inalibe pogwira. Taganizani nokha: mwana ndimulandira wolira, wonunkha, ndimubereka, ndimupukuta, ndipirira naye miyezi yambirimbiri, ndipo tsiku limene wasanduka munthu woti n'kucheza naye, tsiku lomwelo ndimupereka kwa Mercy. Pa giladuweshoni makolo ankajambulitsa ndi Mercy, zitenje za mphatso zinkapita kwa Mercy. Ine ndinkakhala kumbuyo ndi makanda kuti asasokoneze mwambo.

Mercy atapita ku tchuthi chobereka ndinati nthawi yanga yakwana. Nyimbo zake zonse ndinkazidziwa, ndinkazimvera pakhoma. Ndinalowa mu ofesi nditavala bulawuzi yanga yakutchalitchi n'kupempha kuti ndigwirizire kumanja. Mayi Likongwe anandiyang'ana mwachifundo n'kunena kuti, "Anti Esinati, woimbitsa ana ndingamupeze mawa lomwe, atsikana ali mbwee m'tauni muno. Koma kumanzere kuja angakuthe ndani kupatula inu?" Analembadi kamtsikana kena ka ku Bangwe. Ndinatuluka mu ofesimo nditayamikiridwa, ndipo ndinakalirira kuseri kwa chimbudzi.

Zingwangwa, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990

Ana ambiri anadutsa m'manja mwanga, koma mmodzi yekha ndi amene ndinafuna kumukaniza. Dzina lake Pemphero. Amayi ake, Mayi Mhango, anali a ku Rumphi, kalaliki ku maofesi a boma m'tauni, ndipo amuna awo anamwalira iwo ali oyembekezera. Achibale onse anali kutali, ndiye tchuthi chobereka chitatha anabwera naye kwa ife asanayambe n'kukwawa komwe. Madzulo mizere ya minibasi inkawachedwetsa, sukulu n'kutsekedwa mwana akadalipo, ndipo ine ndinkangomuponya kumsana n'kupita naye kwathu. Grace ukukumbukira, unkalimbirana naye mbatata. Dzino lake loyamba ndinaliona ndine. Anayamba kuyenda atagwira chitenje changa, ndipo mawu ake oyamba anali "Amama", monga amatchulira kwawo kumpoto, koma anawanena akuyang'ana ine. Mayi Mhango atamva anangoseka n'kunena kuti, "Palibe kanthu, tigawana." Anali munthu wa mtima wabwino, ine ndikanakhala iwowo sindikanaseka.

Mwanayo anali wochenjera pakamwa. Akadali m'thewera ankaima pakhomo langa n'kumatsatira nyimbo za kumanja, kuimba bwino kuposa eni kalasi. Mercy anamumva. Tsiku lina tikumwa tiyi pakhonde, Mayi Likongwe alipo, anayambitsa nkhani.

"Anti Esinati, Pemphero uja mundipatsa liti? Mwana ujatu ndi shapu, akungotaya nthawi ndi makandawa. Ndikanakonda adzaimbe nawo pa giladuweshoni."

"Sanakonzeke," ndinatero.

"Koma zaka zakwanatu," anatero Mayi Likongwe. "Anzake obadwa nawo limodzi anawoloka kale."

"Pakamwa pakonzeka, mayi, koma kumunsiku ayi. Dzulo lomweli wakodza ali chiimire akuimba, nyimbo osaidula n'komwe. Mukamuvula lero mukhala mukukolopa, ndipo anzake akamuseka adzayamba kuopa poti. Mupatseni nthawi."

Mercy sanatsutse. Anangoti, "Inu ndi amene mukudziwa, anti," n'kupitiriza kumwa tiyi. Ndinamva pambuyo pake kuti mayi amene ankatiphikira phala ankauza makolo kuti Anti a Mapoti akukaniza mwana wa eni ake chifukwa cha nsanje. Tsiku limenelo ndinanena zoona, mwana anali asanakonzeke. Koma sindikubisirani, ndinapita kunyumba ndikuimba njira yonse, Pemphero ali kumsana.

Temu yotsatira ana anachuluka kumanja moti mabenchi anayamba kuchepa. Mayi Likongwe analengeza kuti amene sawoloka temu imeneyo isanathe adikira mpaka chaka chamawa, chifukwa malo otsala apereka kwa ana ochokera kunja. Kwa ine izi zinatanthauza chinthu chimodzi: ndikangokhala chete masabata ochepa, Pemphero akhala wanga chaka china chathunthu. Mercy anali atasiya kufunsa. Mayi Mhango ankandikhulupirira ngati dokotala, ndikati dikirani ankadikira. Panalibe munthu wina aliyense pasukulupo amene ankagwira thewera la mwanayo.

Ndiye zizindikiro zinayamba kubwera ngati zachita kupangana. Akadzuka masana, thewera louma. Ndinati mwina sanamwe madzi okwanira. Mawa lake louma, mkuja louma. Kenako ndinamupeza atanjuta kuseri kwa thumba la ufa wa phala, masaya atatupa, ndipo atandiona anati, "Amama, chokani." Mwana akayamba kuchita manyazi ndiye kuti wadziwa chimene akuchita. Anayambanso kuvula yekha kabudula, ndi kulondola anyamata a kumanja akamapita kuchimbudzi. Zonsezi ndinkaziona, ndipo chilichonse chinkandibaya mumtima, chifukwa ndinkadziwa kumene zikupita.

Lachisanu lina titamaliza phala, ndinali chogwada ndikupukuta khanda lina. Ndinamva chinthu chikukhwekhwerezeka pansi. Kutembenuka, ndi Pemphero, wakoka poti kuchokera pakona mpaka kudzaimika patsogolo panga.

"Amama, bibi."

Palibe anamuphunzitsa, ankangoonera anzake. Ndipo chinthu choyamba chimene ndinachita, ine mayi wopemphera, chinali kuyang'ana kukhomo kuti ndione ngati wina wamva. Kunalibe munthu, kumanja ankaimba. Ndikanatha kumuuza kuti bibira momwemo mwana wanga, ndikusintha, ndipo akanamvera, poti ankandimvera pa chilichonse. Anaima pamenepo atafinya miyendo, akundiyang'ana, akudikira. Ndinamasula pini. Atamaliza anadzuka, anasuzumira mu poti, n'kudziwombera yekha m'manja.

Komabe kubiba kamodzi pa poti si kuwoloka. Palibe anaona, ndipo mpata wokhala chete unalipobe. Loweruka ndi Lamlungu ndinali wosagwirika. Titabwerako kutchalitchi bambo anu anandipeza nditangokhala pakhonde, mbaula ndisanayatse, ndipo anafunsa chavuta. Ndinawafotokozera zonse, ndikuyembekeza kuti andimvera chisoni.

"Ndiye vuto lili pati, amake Grace? Mwana wakula. Si ntchito yanu imeneyo?"

"Akapita kwa Mercy andiiwala."

"Nanga mukufuna adzakwatire atavala thewera kuti azikukumbukirani?"

"Chaka chimodzi chokha, abambo ake Grace. Chaka chimodzi chimupweteka chiyani?"

Iwo anati, "Inu nomwe mumatiuza kuti mwana akakonzeka n'kumubweza, amazolowera kudziyipitsira, ndipo kudzamusiyitsa kumavuta. Kapena zimenezo zimagwira ana a ena okha?" Ndinawakwiyira tsiku lonse, ndiwo ndinathira mchere wambiri dala. Koma m'maso mwanga munkangobwera kamwana kaja katafinya miyendo, ndipo ndinadziwa kuti kumumanganso thewera Lolemba kukanakhala kumuuza kuti zimene wamva m'thupi mwake ndi zabodza.

Lolemba m'mawa ndinadikira Mayi Mhango pageti. "Mukagule mapanti," ndinawauza, "ambirimbiri, otchipa omwewa, chifukwa oyambawo aona zakuda." Anandikumbatira. Kenako ndinalowa mu ofesi n'kuuza Mayi Likongwe kuti asapereke malo onse kumanja, asunge amodzi.

Sindinamuthamangitse. Ndinkamukhazika pa poti akangomaliza phala ndiponso akadzuka masana, kanthawi kochepa, akapanda kuchita kanthu n'kumusiya akasewere. Tsiku lina anaterereka pa poti n'kuyamba kuchita mantha, ndiye ndinabwerera ku njira ya kumudzi: ndinakhala pansi kuseri kwa nyumba, kutambasula miyendo, n'kumukhazika pa akakolo anga atandiyang'ana, ndikumuimbira mpaka mantha atatha. Ngozi zinalipo, ina pa chitenje changa chatsopano, koma sindinamukalipirepo. Ndinkangoti, "Wachedwa pang'ono, mawa udzathamange." Mayi Mhango ndinawauza kuti kunyumba azichita chimodzimodzi, ndipo pogona asafulumire kuchotsa thewera, poti kuuma kwa kutulo kumabwera pakokha. Ntchito imeneyo ndinaigwira bwino kuposa ina iliyonse, uku ndikudziwa kuti tsiku lililonse louma likumusendezera kwa Mercy.

Anawoloka Lachisanu lomaliza la temu. Anabwera ndi panti wofiira, akuonetsa aliyense, ngakhale mlonda. Amayi ake anapempha tchuthi. Ndinamugwira dzanja pakhomo langa, ana akuwomba m'manja, Mercy atagwada tsidya linalo ndi switi ndi yunifolomu. Mwambo unali woti ndimuperekeze mpaka pakati pa khonde. Sitinafike n'komwe pakatipo, anasolola dzanja lake n'kuthamanga. Sanacheuke. Ndinabwerera m'kalasi mwanga, ndinatseka chitseko, ndinanyamula khanda limene silinkalira n'komwe n'kuyamba kulitonthoza.

Chaka chotsatira ndinkamumvera pakhoma. Mawu ake ndinkawazindikira pakati pa ana onse. Poyamba ankabwera pa buleki kudzakhala pamwendo panga, kenako ankangobayibitsa ali chapatali. Mercy ankandiuza kuti, "Anti, muzibwera kudzamuona mwana wanu, lero walemba dzina lake yekha," ndipo ankanena ndi mtima woyera, zimene zinkandiwawa kuposa chipongwe. Mayi Mhango anapeza mtsikana wantchito womutenga madzulo, zobereka kumsana zinathera pomwepo. Tsiku lina anagwa pabwalo n'kusupuka bondo. Ndinali pafupi, ndinatambasula manja, iye anandidutsa akulira kuthamangira kwa Mercy. Posakhalitsa anayamba kundiitana monga anzake onse, Anti a Mapoti. Pa giladuweshoni yake anaimba yekha kutsogolo atavala gauni, amayi mpaka nthungululu, ndipo Mayi Likongwe anayamikira Ticha Mercy chifukwa chotulukira luso la mwanayo. Ine ndinamvera pawindo, khanda la eni lili kumsana.

Nancholi, zaka za posachedwapa

Ndinakhala kumanzere kwa khonde limenelo mpaka mliri uja utatseketsa sukulu, ndipo pamene zinkatsegulidwanso mawondo anga anali atakana. Zambiri zinasintha ndikuona. Matewera otaya anabwera n'kutichepetsera kuchapa, koma ine ndinkaona kuti mwana wovala amenewo samva kunyowa, ndiye amachedwa kudziwa. Makolo anayamba kubwera ndi zimene awerenga pa foni, wina kufuna kuti mwana wongoyamba kumene kuyenda akhale pa poti chifukwa wa mnzake wakuntchito wayamba. Yankho langa silinasinthe: musawerenge zaka, yang'anani mwana. Grace, izi ndikuuzanso iweyo, kamdzukulu kanga ukukavutitsa. Mercy anachoka kalekale n'kukatsegula sukulu yake ku Chilomoni, dzina lake lili pageti ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo amayendetsa galimoto. Ndikamadutsa pamenepo pa minibasi ndimayang'ana mbali inayo. Ndakalamba, ndimapemphera, koma nsanjeyo ikadalipo, sindingakunamizeni.

Chaka chathachi Mayi Mhango anandiimbira foni, nambala anaipeza kwa Mayi Likongwe. Pemphero akukwatira, anatero, ndipo ukwati sungachitike ine palibe. Ndinali ndisanamuone chichokere iwo ku Zingwangwa kusamukira ku Machinjiri, iye ali ku pulayimale. Ndinasoketsa chilundu chatsopano, ndinakakonzetsa tsitsi, mpaka bambo anu anafunsa ngati mkwatibwi ndi ineyo. Mu holo ndinakhala chapakati. Mkwati atalowa ndinamuzindikira ndi mayendedwe, wamtali, wa suti, munthu wamkulu, ndipo misozi inalengeza m'maso mwanga.

Perekaniperekani ili mkati, woyendetsa mwambo anati, "Tsopano mbale ipite kwa munthu wofunika kwambiri, mphunzitsi woyamba wa mkwati wathu, amene anamulandira ali kamwana n'kumuyambitsa zonse mukuonazi." Ndinagwira mpando wa kutsogolo kwanga n'kudzuka, mawondo akulira. Ndinali nditaimirira kale pamene anatchula dzina la Mercy. Anatulukira kutsogolo, ku mipando ya alendo olemekezeka, akuvina pang'onopang'ono, Pemphero n'kutsika kudzamukumbatira. Ine ndinayamba kukonza chilundu changa ngati ndicho ndinadzukira, n'kukhalanso pansi.

Mwambo utatha, akwati ali pakhomo kulandira moni, Mayi Mhango anandigwira dzanja n'kundikokera kutsogolo kwa mzere. Pambali pa Pemphero panali mkazi wake, apongozi ake ndi anzake akuntchito.

"Pemphero, awa ukuwadziwa?"

Anandiyang'ana mwaulemu, akumwetulira, maso akufufuza. "Mundikumbutse, mami," anatero kwa amayi ake.

"Awa ndi Anti Esinati a ku Zingwangwa. Awa ndi amene anakuphunzitsa…" Anaima pomwepo. Anayang'ana mkwatibwi ndi velo yake, anayang'ana apongozi. Nanga zimenezo munthu angazinene bwanji paukwati, pamaso pa apongozi? Onse ankadikira kumva phunziro limene ndinamuphunzitsa. Ndikanatha kumaliza ndekha, pakamwa ndili napo. Anthu akanaseka, ndipo iye sakanandiiwalanso moyo wake wonse. Ndinayang'ana suti yake ija, ndi mtsikana uja atamugwira mkono monyadira.

"Ndinkagwira ntchito ndi aMercy," ndinatero.

"Oo, zikomo kwambiri pobwera, amayi," anatero, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri. Kenako anatembenukira kwa munthu wotsatira pamzere.

Zimene amayi ake analephera kumaliza pakhomo la holo ndikuzimaliza pano, ndipo mukamadzataipa musachotsepo kanthu. Mwana uja kupita kuchimbudzi ndinamuphunzitsa ndine, osati Mercy.